Sikelo Yosowa ndi Yankho Lolakwa

Ine malo amodzi sindikhalitsa. Ndikatha milungu itatu ndikudzukira denga lomwelomwelo, mapazi amayamba kuyabwa. Koma ulendo uja ndinatha mwezi wathunthu kwa mlamu wanga, mwamuna wa malemu mlongo wanga, ndipo chikwama changa chinali chomangamanga kale pamene nkhani iyi inandigwira mwendo.

Mlamu wangayo ndi wosunga zida mu labu ya fizikisi pa yunivesite ina. Zaka makumi awiri ndi zisanu akupukuta magalasi, kulumikiza mawaya ndi kukalipira ana a eni ake kuti asamadyere pa matebulo. Lolemba m'mawa ndinamupeza akumanga nsapato, chingwe chikumupulumuka m'manja.

"Alamu, lero mwatani?"

"Kukubwera apolisi. Sikelo yasowa."

"Sikelo basi? Ku msika zilipo zambiri."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Sikelo imeneyo, akuti, inali yamagetsi, yokhala m'kabokosi ka galasi, yoti ukaikapo tsitsi limodzi imadziwa. Pa yunivesite yonse inalipo imodzi. Ndipo panali mayi wina, wophunzira wa chaka chachiwiri, amene kalata yomuchotsa sukulu inali italembedwa kale. Komiti inkakhala 4 koloko madzulo a tsiku lomwelo kuti ingosaina.

Ndinaika chikwama changa pansi n'kumutsatira.

*

Labuyo ndi chipinda chachitali, matebulo akuda, mipope ya madzi m'mbali, fungo la fumbi ndi mawaya otentha. Kumapeto kuli chitseko chobiriwira cha chipinda cha zida. M'menemo ndi mmene munkakhala sikelo.

Wapolisi anali mayi wamfupi, wa nsapato zakutha ku chidendene. Onse ankangomuti Sajeni. Sankakhala pansi. Ankafunsa akuyenda, munthu n'kumazungulira naye khosi.

"Awa ndi ndani?" anafunsa akundiloza.

"Ndi alamu anga," anayankha mlamu. "Sakhala pakhomo okha, amasowa mtendere."

"Akhale, koma asagwire kanthu. Adokotala, yambani."

Dokotala anali mphunzitsi wa phunzirolo, mnyamata ndithu, wa malaya osita bwino, wolankhula ngati akuwerenga chikalata.

"Nkhaniyi ndi yachidule, a Sajeni. Lachinayi, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, ophunzira atatu amene anajomba sabata ya m'mbuyo mwake anabwera kudzabweza ntchito yawo. M'labu munali iwo okha ndi bambo awa. Bambowa anatulukapo ola limodzi."

"Munapita kuti?"

"Kukatenga mawaya ku nyumba ya akatswiri a magetsi," anatero mlamu. "Anandichedwetsa ndi mafomu. Ndinachoka hafu pasiti 2, ndinabwera hafu pasiti 3. M'mawa sikelo ndinaiona. Lachisanu ndikutsegula, palibe."

"Kiyi wa chitseko chobiriwiracho?"

Mlamu analoza ndi chala. "Amakhala kuseri kwa wotchi ya pakhoma."

"Kuseri kwa wotchi," Sajeni anabwereza akulemba. "Mbava zimakukondani inu. Tsono anawa ankachita chiyani maola awiri?"

Dokotala anationetsa. Pa tebulo panali chitsulo choimirira, pamwamba pake chingwe, kumapeto kwa chingwe kampira kachitsulo. Umayeza kutalika kwa chingwe ndi rula. Umakankha kampirako, kamapita uku n'kubwera uku, iwe n'kuwerenga maulendo makumi awiri uli ndi wotchi m'manja. Umachita katatu, kenako umafupikitsa chingwe n'kuyambiranso, mpaka kasanu ndi katatu. Pomaliza masamu amakupatsa nambala imodzi, yonena mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Nambalayo ndi yodziwika kale, buku lililonse limati 9.8.

"Ngati ndi yodziwika, mukuwavutitsiranji?" anafunsa Sajeni.

"Kuti aphunzire kuyeza." Dokotala anaika makope awiri pa tebulo. "Ndiye onani. Ili ndi la mnyamata amene anzake amamuti Nambala Wani. Wapeza 9.81. Madontho ake pa galafu afola ngati asilikali. Munthu ameneyu anali pa tebulo lake, maso pa ntchito. Ili ndi la mayi uja. Wapeza 9.6. Munthu amene mutu wake unali kwina, kapena thupi lomwe linali kwina, n'kudzangodzaza manambala mothamanga. Anamuona pa chitseko chobiriwira. Anatuluka pa geti ndi chikwama cholemera, mlonda atamuuza kuti atsegule, anakana."

Sajeni anatsegula kope la mayiyo. Linali lodzaza, masamba asanu ndi limodzi, manambala ena odulidwa ndi mzere.

"Bwanji safufuta akalakwitsa? Zauve chonchi?"

"Ndi lamulo langa," anatero Dokotala, ndipo apa anawongola khosi. "M'kope la labu sitifufuta, siting'amba tsamba, sitipaka zoyera. Ukalakwitsa umadula ndi mzere umodzi basi, cholakwacho chiziwerengeka."

Pansi pa tsamba lomaliza mayiyo analemba kuti: *Ndabwereza katatu, zikubwerabe 9.6. Ndikukayikira rula.* Pambali pake panali inki yofiira ya Dokotala: *Ukalephera kuvina usanamizire ng'oma.*

Ine nthawi yonseyi ndinali ndikuyendayenda, poti kuima malo amodzi ndimalephera. Ndinafika mpaka pakhomo la chipinda cha zida, n'kusuzumira. Pobwerera china chake chinandilasa ku phazi kudzera mu nkhwayira. Ndinawerama n'kuchizula. Kanali kagalasi kopyapyala ngati chikhadabo.

Sajeni anatambasula dzanja. Anakakulunga m'kapepala n'kukaika m'thumba la malaya.

*

Mayi woganiziridwa kuba uja anzake ankamuti Bwereza, poti chilichonse ankayeza mobwereza mpaka anzake kutopa naye. Anali wamkulu kuposa onse m'kalasimo, wa zaka makumi atatu ndi zingapo. Anaphunzitsapo ku pulayimale zaka zisanu ndi zinayi asanapeze malo pa yunivesite. Analowa atanyamula chikwama chomwecho, chachikulu, cha zipi wothyoka.

"Achemwali, munapita pa chitseko chobiriwira?"

"Ndinapita."

"Kukatani?"

"Kukapempha rula ina. Nditamaliza ulendo woyamba ndinapeza 9.6. Ndinaonanso masamu, anali bwino. Ndinati mwina rula. Ndinagogoda, ndimayesa bambo awa ali m'kati."

"Anayankha?"

"Ayi. Koma munali munthu. Ndinamva ngati wina wasiya kuyenda."

"Munauza ndani zimenezi?"

"Adokotala. Anati ndikupeka."

"Anzanu awiri aja anali pati?"

"Tebulo langa limayang'ana ku zenera. Komanso mukamawerenga maulendo a kampira simutembenuka, a Sajeni. Mukangophethira mwasokoneza, muyambirenso."

"Nanga pa geti munakaniranji kutsegula chikwama?"

Bwereza anakoka zipi uja n'kutembenuzira chikwamacho kwa Sajeni. Munali mabuku awiri akuluakulu ndi jumbo ya matewera.

"Mwana ndimamusiya kwa mayi wina kuseri kwa mpanda, ndimakamuyamwitsa pa nkhomaliro. Lachinayi ankatsegula m'mimba. Mlondayo anali ndi anyamata asanu pa geti, akuseka zawo. Ndikanawayalira matewera a mwana wanga pa tebulo?"

Sajeni anatseka chikwamacho yekha.

"Mukachotsedwa mupita kuti?"

"Kwa apongozi. Ananena kale kuti sukulu ya ukulu ndi kutaya nthawi. Angokhala kudikira kuti anene kuti tinkanena." Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 10 koloko. "Andiuza kuti ndikasaina kuti ndavomera, andilola kuchoka mwakachetechete, osalemba za kuba. Ndili ndi mpaka 4 koloko."

"Musasaine kanthu ndisanabwere," anatero Sajeni. "Ngakhale atakupatsani cholembera chagolide."

*

Nambala Wani anali wamtali, waulemu, wa magalasi oyera. Analowa atagwira manja kumbuyo.

"Ndinali pa tebulo loyamba nthawi yonse, mayi. Sindinasunthe."

"Ngakhale kukataya madzi?"

"Ngakhale kumeneko, mayi. Ntchito ija imafuna mtima wonse."

"Munaona chiyani?"

"Sindikufuna kuipitsa mnzanga. Ndi munthu wolimbikira, ngakhale zinthu zimamuvuta. Koma cha m'ma kota tu 3 ndinamuona akupita ku chitseko chobiriwira. Anakhalitsako."

"Analowa?"

"Ndikuganiza kuti analowa."

"Mukuganiza, kapena munaona?"

"Ndinaona, mayi."

"Ukamawerenga maulendo a kampira umatha kutembenuka?"

Anamwetulira pang'ono. "Ukazolowera umatha."

Atatuluka, mlamu wanga anapumira m'mwamba. "Mwana ameneyu ndi dalitso. Zaka zonsezi sindinaonepo manja otere. Sanalakwitsepo ngakhale kamodzi."

"Ngakhale kamodzi," anatero Sajeni, akutafuna chivindikiro cha cholembera. "Ine wa chonchoyo sindinakumane naye. Itanani wachitatu."

Wachitatuyo ankamuti Abusa, chifukwa cha jekete yake ndi mavesi osatha. Analowa akupukuta thukuta.

"Mtendere ukhale nanu, amayi. Ine pa nkhani imeneyi ndine wosalakwa ngati mwanawankhosa. Ndinali ndi zomvera m'makutu, kwaya ikuimba, nsana ndinapatsa dziko."

"Kope lanu."

"Kope ndi la munthu wochimwa, amayi, koma mtima..."

"Kope."

Analipereka ngati akupereka mwana ku jekeseni. Yankho lake linali 9.8. Koma tsamba la m'mbuyo linali ndi manambala odetsedwa kwambiri, osati ndi mzere umodzi, koma ngati nkhuku yapalasa. Sajeni analikweza ku zenera kuti kuwala kudutse.

"Apa pansi pa zokandakandazi pali 9.6."

Abusa anayang'ana kudenga. "Mzimu ndi wofuna, koma thupi ndi lolefuka. Zinabwera 9.6. Ndinadziwa kuti Adokotala andidula mamalikisi. Ndiye ndinangothandizira manambala pang'ono kuti afike kwawo. Aliyense amachita, amayi. Timati kukometsera."

"Mwamva, Adokotala?"

Dokotala anakwinya nkhope. "Uyu ndi waulesi, ndimamudziwa. Anthu awiri osasamala akhoza kulakwitsa mofanana."

Sajeni anaima pakati pa labu, akugogoda chidendene pansi. Kenako anavula chipewa n'kuchiika pa tebulo la Bwereza.

"Ndipatseni chingwe. Ndikufuna ndione kuti gule ameneyu amatenga nthawi yaitali bwanji."

*

Mlamu anatulutsa zida zomwezo za Lachinayi. Sajeni ankayeza chingwe ndi kukankha kampira, wotchi ili m'dzanja lake. Ine anandipatsa ntchito yowerenga mokweza.

"Madala, mukasokoneza ndikutsekerani."

Sindinadziwe kuti kuwerenga mpaka makumi awiri n'kovuta chonchi. Kampira kamapita, kamabwera, maso amayamba kuzungulira nako. Kawiri ndinalumpha khumi ndi zitatu, tinayambiranso. Sajeni naye chala chinkamuchedwa pa batani. Chingwe chomwecho, kampira komweko, koma wotchi inkapereka nthawi zosiyana: ulendo wina masekondi 40.3, wina 40.6, wina 40.1.

"Wotchiyi ndi yakufa?"

"Ndi chala chanu," anatero Dokotala. "Palibe munthu amene amadina nthawi yofanana ndendende. N'chifukwa chake timachita katatu n'kutenga chapakati."

Tinamaliza patatha mphindi makumi anayi, ine khosi litauma. Dokotala anatenga manambalawo, anadinadina kamakina kake kowerengera, n'kuseka pang'ono.

"9.6. Musadandaule, a Sajeni, ndi koyamba. Manja a polisi anazolowera unyolo."

"Ndiye tionetseni manja a sukulu."

"Ine?"

"Inuyo. Nthawi ilipo, ndi 12 koloko."

Anapinda malaya. Kunena zoona, munthuyo ntchito yake ankaidziwa. Ankawerama diso n'kulingana ndi rula, ankakankha kampira pang'onong'ono, osapuma mpaka kawerengedwe katha. Sanalole kuti ine ndimuwerengere. Anatenga theka la ola. Anadina kamakina kaja. Anafufuta, n'kudinanso. Anatenga pepala n'kuchita pamanja.

"Mwapeza zingati, Adokotala?"

Anaika cholembera pansi. Sajeni anasuzumira pa phewa lake n'kuwerenga yekha.

"9.6. Kapena dziko latopa kukoka?"

*

Dokotala anatenga rula ija n'kuitembenuza uku ndi uku. Inali yathabwa, yatsopano, manambala akuda bwino, kuyambira ziro mpaka handiredi.

"Marula awa achokera kuti?"

"Ndi atsopano," anatero mlamu. "Akale onse anatengedwa ndi a chaka choyamba Lachinayi m'mawa. Ndiye ndinatsegula katoni imene inabwera mwezi watha. Sanagwirepo ntchito chiyambire."

"Bweretsani rula yachitsulo ija," anatero Dokotala.

Mlamu anathamangira ku chipinda cha zida n'kubwera ndi rula yachitsulo imene amaisunga m'nsalu. Anazigoneka pamodzi pa tebulo, ziro pa ziro. Poyambira mizere inkagwirizana. Pofika pakati inayamba kusemphana. Kumapeto, handiredi ya rula yathabwa inapitirira ya chitsulo ndi masentimita awiri athunthu, chala changa chachikulu kukwana pakati.

Ndinakhalapo ndi telala wina kale amene tepi yake inatanuka ndi ukalamba, ndipo tauni yonse inkayenda ndi mathalauza okwekwa pansi. Ndinafuna kunena zimenezi, koma nkhope ya Dokotala sinali yofuna nthano.

"Anaidinda molakwika ku fakitale," anatero motsitsa mawu. "Sentimita iliyonse ndi yonenepa pang'ono. Chingwe chilichonse chimaoneka chachifupi kuposa mmene chilili. Kulakwa kwa chala kumapita uku ndi uku, ukabwereza kumachepa. Koma kulakwa kwa chida kumakankhira mbali imodzi. Ubwereze kakhumi, ubwereze kazana, udzapezabe 9.6."

"Ndiye amene wayezadi ndi rula iyi sangapeze 9.8?" anafunsa Sajeni.

"Sangapeze."

"Ndipo amene sanayeze sangadziwe zoti alembe 9.6?"

"Akanadziwa bwanji? Katoni yatsegulidwa tsiku lomwelo. Wopeka manambala amapeka kuti akhoze."

Sajeni anatsegulanso kope la Bwereza. M'mphepete mwa tsamba mayiyo ankalemba nthawi imene wayamba ulendo uliwonse: 2:05, 2:46, 3:24. Womaliza anamaliza 3:58.

"Ine kamodzi kanditengera mphindi makumi anayi. Inu katswiri, makumi atatu. Mayiyu wachita katatu m'maola awiri, ndipo katatu konse rula yamunamiza mofanana. Anaba nthawi yanji? Ndi dzanja liti?"

Dokotala anakhala pa mpando wa ophunzira. Anakoka kope la Nambala Wani n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"40.12, 40.13, 40.12," anawerenga. "Chala cha munthu sichichita chonchi. Ndimayenera kuona. Ndinangoona yankho n'kusangalala."

Sajeni anali atapita kale pakona pamene panali katoni ya marula. Ophunzira amabweza okha zida akamaliza. Rula iliyonse yatsopano inabwera yokulungidwa m'pepala lakhaki, lomata kumapeto. Anawatulutsa onse n'kuwayala pa tebulo. Analipo khumi, kuphatikiza imene tinkagwiritsa ntchito ija.

"Abambo, Lachinayi munapereka angati?"

"Atatu. Aliyense yake."

"Werengani ong'ambidwa pepala."

Mlamu anawerenga, n'kuwerenganso. Anali awiri.

*

Nambala Wani anamupeza ku laibulale. Pofika mu labu inali 2 koloko. Sajeni anangomupatsa rula yokulungidwa ija.

"Iyi ndi yanu ya Lachinayi. Mwayeza bwanji chingwe osaivula malaya?"

Mnyamatayo anaiyang'ana. "Mwina ndinabwereka ya mnzanga, mayi."

"Ya uti? Onse awiri apeza 9.6 ndi marula awo. Ine ndapeza 9.6. Aphunzitsi anu apeza 9.6. Pa anthu asanu, inu nokha ndi amene dziko linakukokerani bwino."

"Ndinali ndi tepi yanga."

"Ili kuti?"

"Ku hositelo."

"Tipita tikaione. Koma musanatero, nali funso lina. Munati simunasunthe pa tebulo loyamba. Alamu a madalawa, imani pa tebulo loyamba. Chitseko chobiriwira mukuchiona?"

Mlamu anaima pamenepo, anasuzumira. Pakati panali kabati yaitali ya mabotolo.

"Sindikuchiona."

"Koma mnyamatayu akudziwa kuti mayi uja anafika pa chitseko kota tu 3, ndipo nthawiyo ndi yoona, ikugwirizana ndi kope. Sanamuone ali pa tebulo. Anamumva akugogoda." Sajeni anatulutsa kapepala kaja m'thumba n'kukafunyulula. Kagalasi kanang'anima. "Mlonda wandiuza kuti inu munatuluka ndi kope lokha m'manja. Ndiye sikeloyo sinatuluke m'nyumba muno. Mundionetsa nokha, kapena ndigwetse mashelefu onse?"

Mnyamatayo anavula magalasi. Popanda magalasiwo ankaoneka wamng'ono kwambiri.

"Ili ku manda," anatero.

Ine ndinadzidzimuka, koma mlamu anangotseka maso. Manda ndi dzina limene iye anapatsa kabati yapansi m'chipinda cha zida, mmene amaponyamo zida zakufa zoyembekeza kukonzedwa, zimene sizikonzedwa. Palibe amene amatsegulamo. Anagwada n'kusuntha mawailesi akale ndi mawaya. Kuseri kwenikweni, yokulungidwa mu gawuni yakale ya labu, inali sikelo. Kabokosi kake ka galasi kanali kosweka mbali imodzi, kambale kake kopindika.

"Manambala ndinawakonzeratu ku hositelo," anatero mnyamatayo, akuyang'ana pansi. "Ntchito ya kampira ndi ya ana, yankho ndimalidziwa. Ndinkafuna ola limenelo kuti ndiyeze timiyala ta ntchito yanga ya mpikisano. Kiyi ndinkadziwa pamene amakhala."

"Ndinamuonetsa ndine," anatero mlamu. "Chaka chatha. Ndinati uyu yekha ndi wodalirika."

"Botolo linandipulumuka n'kugwera pa galasi. Ndikutola magalasi, wina anagogoda. Ndinangoti zii."

"Bwanji osanena kuti mwaswa?" anafunsa Dokotala. "Zida zimasweka. Mukanalemba lipoti, mukanakalipiridwa, basi."

"Sindinalakwitsepo, sala. Inu nomwe mumauza kalasi kuti azionera ine."

"Ndiye munasankha kuti mnzanu achotsedwe sukulu?"

"Sindinasankhe. Munayamba ndinu kunena kuti ndi iyeyo, chifukwa cha 9.6. Ine ndinangovomera."

Sajeni anavala chipewa chake.

"Zoswa sikelo mukambirana nokha kuno, si za polisi. Koma bodza limene mwandiuza ine m'mawa, ndi kulisainira, limenelo ndi langa. Tiyeni."

*

Bwereza tinamupeza pa benchi ya panja pa ofesi ya komiti, chikwama pa miyendo, pepala lovomera lili pambali pake losasaina. Inali kota pasiti 3. Dokotala anafika atanyamula kope lake ndi marula awiri aja. Anafotokoza ataimirira, mwachidule, osamuyang'ana m'maso. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire, sanaseke. Anatenga marulawo, anawagoneka pa benchi ziro pa ziro, n'kuyendetsa chala mpaka kumapeto.

"Masentimita awiri pa handiredi," anatero. Anatembenuza pepala lovomera lija n'kulemba kuseri kwake, 9.6 kuchulukitsa ndi 1.02. Anachita pamanja, milomo ikuyenda. "9.79. Ndiye ndinakhoza."

"Munakhoza, mayi. Inu nokha."

"Abusa nawonso anakhoza, anangochita mantha."

"Kalata ija ndikaing'amba ndekha," anatero Dokotala. "Ndipo ndikupepesa. Ichi ndichichotsa pompano." Anatsegula kope pa tsamba lomaliza, pamene panali inki yofiira ija yonena za ng'oma. Anapapasa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka zoyera zopakira.

Bwereza anaika dzanja pa tsambalo.

"Ayi, Adokotala. M'kope la labu sitipaka zoyera."

Anamupatsa cholembera chake, ndi rula yathabwa ija kuti mzere uwongoke.

"Mzere umodzi basi. Ziziwerengeka."

Dokotala anagwada pa benchi n'kudula mawu ake, mzere umodzi, kuchokera ku *Ukalephera* mpaka ku *ng'oma*. Mayiyo anauzira inki kuti iume, anatseka kope, n'kulilowetsa m'chikwama pakati pa mabuku ndi matewera. Kenako anayang'ana wotchi n'kunyamuka mothamanga, poti nthawi yoyamwitsa inali itadutsa kalekale.